Makobidi amkuwa a Aroma ndi zithunzi za mafumu awo

Ndalama zamkuwa za Aroma ndi makobidi amene boma la Roma lidasula kwa zaka zoposa 700, kuyambira cha m'ma 300 BC, Khristu asanabadwe, kufikira pamene ufumu wa mbali ya kumadzulo udagwa m'chaka cha 476 AD. Aroma adali ndi ndalama zagolide, zasiliva ndi zamkuwa. Zagolide zinkagona m'mabokosi a anthu olemera, zasiliva n'zimene boma linkalipirira asilikali ndi kulandirira msonkho, pamene zamkuwa zinkayenda pamsika: kogula buledi, kogula vinyo, pakhomo la nyumba yosambiramo. Mmphawi wa mumzinda wa Roma golide ankangomumva, koma mkuwa ankaugwira tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene pagona kufunika kwa makobidiwa. M'dziko lopanda nyuzipepala kapena wailesi, kupatula ziboliboli zoimikidwa m'mizinda, khobidi ndilo linkafikitsa nkhope ya mfumu kwa mlimi wa ku Spain ndi msilikali wolondera malire ku Britain, anthu amene sakadaiona mfumuyo ndi maso m'moyo wawo wonse. Kuseri kwa khobidilo boma linkajambulako zimene linkafuna kuti anthu akhulupirire. Kawirikawiri mawuwo ankakwera kwambiri pamene zinthu zidali zitavuta.

Dzina lakuti mkuwa pano likuphimba zitsulo zitatu: mkuwa wofiira wosasakaniza, mkuwa wosakaniza ndi tini ndi mtovu, ndi mkuwa wachikasu wosakaniza ndi zinki. Akatswiri a ndalama zakale zonsezi amazitchula ndi liwu limodzi la Chilatini, aes.

Ndalama zoyeza pasikelo

Poyamba Aroma ankagulana ndi zibenthu zamkuwa zopanda chizindikiro, zimene zinkayezedwa pasikelo nthawi iliyonse yogula. Kenaka kudabwera zipapati zolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, zojambulidwa ng'ombe, njovu, nkhumba ndi zina. Chuma cha Mroma wakale chidali ziweto, n'chifukwa chake liwu lawo la ndalama, pecunia, lidachokera ku pecus, kutanthauza ziweto.

Khobidi loyamba lozungulira linkatchedwa as, ndipo linkalemera paundi imodzi ya Chiroma, magalamu pafupifupi 325. Silinkadindidwa, linkathiridwa m'chikombole ngati mmene amaumbira njerwa. As inkagawidwa m'magawo 12, ndipo gawo lililonse la ndalama lidali ndi mulungu wake ndi chizindikiro chake: chilembo I pa as, chilembo S pa theka lake, timadontho tinayi, titatu, tiwiri kapena kamodzi pa zing'onozing'ono, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asapusitsidwe. Cha m'ma 225 BC chithunzi cha as chidakhazikika: kumaso mutu wa Janus, mulungu wa makomo wankhope ziwiri, kuseri mphuno ya ngalawa yankhondo. Chithunzichi chidalowerera kwambiri mwakuti wolemba wina, Macrobius, patapita zaka zoposa 600, adanena kuti anyamata a ku Roma akamaponya khobidi m'mwamba ankafunsanabe kuti ligwera mitu kapena ngalawa, ngakhale ngalawayo idali itachoka kalekale pandalama.

Nkhondo yolimbana ndi Hannibal wa ku Carthage, kuyambira 218 mpaka 201 BC, idakokolola mkuwa wa boma. As idachepetsedwa kangapo, ndipo pofika cha m'ma 211 BC idali itatsala gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a kulemera kwake koyamba. M'nthawi yomweyo mudabadwa ndalama yasiliva, denarius, yosinthidwa ndi ma as 10, ndipo pambuyo pake 16. Makobidi atachepa chotere adayamba kudindidwa. Mmisiri ankaika kachitsulo kozungulira pa chidindo chokhomedwa pansi, n'kusanjika chidindo china pamwamba, n'kumenya ndi nyundo. Ntchitoyi inkachitikira pafupi ndi kachisi wa Juno Moneta paphiri la Capitolium, ndipo ku dzina la Moneta n'kumene kudachokera mawu a ndalama m'zilankhulo zambiri za ku Ulaya.

M'zaka zonsezi Roma adalibe mfumu, ndipo nkhope ya munthu wamoyo sinkaikidwa pandalama zosulidwa mumzindamo. Julius Caesar ndiye adaswa mwambowu kumayambiriro kwa 44 BC, pamene mutu wake udaoneka pa denarius. Pa 15 Malichi chaka chomwecho adabayidwa n'kufa. Brutus, mmodzi mwa omupha m'dzina la ufulu, patangopita zaka ziwiri adaikanso mutu wakewake pandalama.

Dongosolo la Augustus

Cha m'ma 23 BC, Augustus, mfumu yoyamba, adakonza ndalama zamkuwa mwanjira imene idakhala zaka pafupifupi 300. Yaikulu idali sestertius, ya mkuwa wachikasu, yolemera magalamu 25 kapena kupitirirapo pang'ono, yotambalala pafupifupi mamilimita 35. Theka lake idali dupondius, yachikasunso. As, ya mkuwa wofiira, idali gawo limodzi mwa magawo anayi a sestertius, ndipo kakang'ono kwambiri, quadrans, kadali gawo limodzi mwa magawo anayi a as. Ma sestertius anayi ankapanga denarius imodzi, ndipo ma denarius 25 ankapanga ndalama imodzi yagolide, aureus.

Dupondius ndi as zidali zofanana kukula, kotero chinkasiyanitsa ndi mtundu basi, ina yachikasu ina yofiira. Zikada ndi thukuta la m'manja, mkangano pamsika sunkalephera. M'nthawi ya Nero adayamba kujambula mfumu pa dupondius itavala chisoti chokhala ndi misonga yonga cheza cha dzuwa, pamene pa as inkavala nkhata yamasamba. Kuyambira pamenepo chisoti chamisongacho chidasanduka chizindikiro chakuti ndalamayo ndi yowirikiza kawiri.

Mphamvu ya makobidiwa ikuoneka m'zolemba zanthawiyo. Pakhoma la malo ena omwera ku Pompeii, mzinda umene udakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, padalembedwa kuti vinyo wamba ndi as imodzi, wabwinopo ma as awiri, ndipo wotchuka wa Falernum ma as anayi. Kulowa m'nyumba yosambiramo ku Roma kudali quadrans imodzi. Tacitus akusimba kuti asilikali amene adaukira mu 14 AD ankadandaula kuti moyo wawo ukugulidwa ndi ma as 10 patsiku; malipiro awo pachaka adali ma sestertius 900, ndipo Domitian adadzawakweza kufika pa 1,200. Pamwamba pa makwerero, munthu sankakhala phungu wa Senate, bwalo la akuluakulu a dziko, ngati chuma chake sichidafike ma sestertius 1 miliyoni. Owerenga Baibulo adakumana nawo kale makobidiwa: Uthenga Wabwino wa Mateyu ukutchula as ngati mtengo wa mpheta ziwiri, ndipo Marko akufotokoza kuti tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye uja tidali tofanana ndi quadrans imodzi.

Pafupifupi khobidi lililonse lamkuwa losulidwa ku Roma lili ndi zilembo ziwiri, S C, chidule cha Senatus Consulto, kutanthauza kuti mwa chigamulo cha Senate. Zilembozi zidakhalabe ngakhale pamene Senate idalibe mphamvu yokanira chilichonse chimene mfumu yafuna. Augustus ankasamala kwambiri kuti asaoneke ngati walanda dziko. Ma sestertius ake a ku Roma alibe n'komwe mutu wake: ali ndi nkhata ya masamba a thundu, mawu omuyamika kuti adapulumutsa nzika, ndi dzina la mkulu woyang'anira kosulira ndalama. Mutu wake unkaoneka pa as. Mutu wa mfumu udakhazikika pa sestertius ya ku Roma mu ulamuliro wa Caligula, kuyambira 37 AD.

Nkhope ndi maina aulemu

Kukula kwa sestertius kudapatsa ozokota zidindo malo oonetsera luso lawo, ndipo nkhope zina zabwino koposa za mafumu a Roma zili pamkuwa. Sikuti zonse zinkanena zoona. Augustus adamwalira mu 14 AD ali ndi zaka 75, koma pandalama sadakalambepo. Nero, mosiyana, amaoneka akukula chaka ndi chaka, kuchoka pa mnyamata wochepa thupi kufika pa bambo wa khosi lonenepa ndi tsitsi lopesa mwamakaka. Vespasian, amene adatenga mpando itatha nkhondo yapachiweniweni ya 69 AD, adajambulidwa ndi dazi ndi makwinya ake onse, ngati kuuza anthu kuti nthawi ya anyamata oimba zeze yatha, kwabwera msilikali wachikulire. Nerva ali ndi mphuno yake yaitali yokhota. Hadrian ndiye adayamba kuoneka ndi ndevu zodzaza, ndipo omutsatira adatengera.

Nthawi zina ozokota ankajambula munthu amene sadamuonepo. Maximinus adavekedwa ufumu ndi asilikali kumalire a Germania mu 235 ndipo mu ulamuliro wake wonse sadapondeko ku Roma. Makobidi ake oyamba ali ndi nkhope yofanana ndi ya Severus Alexander, mfumu imene idaphedwa kuti iye alowe. Chibwano chake chachikulu chidadzaoneka pambuyo pake.

Mozungulira mutu mumakhala maina aulemu olembedwa mwachidule. IMP ndi mtsogoleri wa nkhondo, AVG ndi Augustus, dzina limene mfumu iliyonse idatengera kwa woyamba uja, P M ndi mkulu wa ansembe, COS ndi udindo wa consul, ndipo P P ndi tate wa dziko. Lofunika kwambiri kwa ofufuza mbiri ndi TR P, mphamvu ya woimira anthu wamba, chifukwa inkapatsidwanso mwatsopano chaka chilichonse ndipo nambala yake inkalembedwa. Kaamba ka nambala imeneyi, khobidi lofukulidwa pansi pa khoma limatha kuuza ofukula chaka chimene khomalo silikadamangidwa chisanafike.

Akazi a banja lachifumu nawonso adali ndi makobidi awo. Caligula adasula sestertius yokumbukira mayi wake, Agrippina, yokhala ndi ngolo yokokedwa ndi nyulu ziwiri, komanso ina yoonetsa alongo ake atatu, Agrippina, Drusilla ndi Julia, ataima ngati milungu yaikazi. Pasanathe zaka zitatu Drusilla adali atamwalira, ndipo awiri enawo Caligula yemweyo adawapirikitsira kuzilumba. Faustina, mkazi wa Marcus Aurelius, amaoneka atazunguliridwa ndi ana, kulengeza kuti mbumba yachifumu siitha. Mfumu kapena mfumukazi ikamwalira n'kulengezedwa kuti yasanduka mulungu, kuseri kwa khobidi kunkajambulidwa chiombankhanga, pikoko kapena mulu wa nkhuni zootchera mtembo.

Kuseri kwa khobidi

Mbali imeneyi ndiyo inkasinthasintha. Nthawi zambiri pamakhala munthu wamkazi woimira khalidwe lina: Pax, mtendere, ndi nthambi ya azitona; Spes, chiyembekezo, atanyamula duwa; Annona, chakudya cha mzinda, pambali pa muyeso wa tirigu; Fortuna, mwayi, atagwira chiwongolero cha ngalawa. Wosadziwa zilembo ankawazindikira poona chimene agwira m'manja. Koma makobidi amene amakumbukiridwa kwambiri ndi amene ankanena za chinthu chimene changochitika.

Chitsanzo chake ndi sestertius ya Nero ya cha m'ma 64 AD yoonetsa doko la Ostia. Wozokota adalijambula ngati mbalame ikuliona kuchokera m'mwamba: makoma awiri okhota m'mbali, zombo zingapo pakati, chiboliboli pamwamba pa nsanja polowera, ndipo pansi mulungu wa madzi atatsamira. Pakachitsulo kosaposa chikhatho cha mwana pali zombo za matanga otambasula, za matanga opinda, ndi timabwato topalasa. Nkhani yake idali ya mimba. Mzinda wa Roma unkadya tirigu wochokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa, ndipo anthu pafupifupi 200,000 ankalandira tirigu waulere kuboma. Zombo zikachedwa, m'misewu munkabuka chipolowe. Dokolo adaliyamba ndi Claudius mu 42 AD. Tacitus akunena kuti mu 62 AD namondwe adaphwanya zombo pafupifupi 200 m'kati mwa doko lomwelo. Pakhobidi madzi ali bata.

Nero adasulanso makobidi ambirimbiri oonetsa kachisi wa Janus zitseko zili zotseka, mwambo wosonyeza kuti dziko lonse lili pamtendere, ndipo mawu ake amati mtendere wapezeka pamtunda ndi panyanja. Mu 66 AD Ayuda adaukira. Mu 68 akazembe ake omwe adamutembenukira, iye n'kudzipha.

Kuukira kwa Ayudako kudabala chithunzi chimene mwina n'chodziwika koposa zonse. Jerusalem atagwa mu 70 AD, Vespasian adasula makobidi olembedwa IVDAEA CAPTA, Judea wagwidwa. Pakati pali mtengo wa kanjedza, pansi pake mkazi wakhala atagwira kutsaya akulira, ndipo mbali inayo paima mkaidi womangidwa manja kumbuyo kapena mfumu itaponda chisoti chankhondo. Vespasian sadabadwire m'banja lachifumu. Chimene akadaonetsa anthu ngati chifukwa chokhalira pampando ndi chipambano chimenechi, ndipo iye ndi mwana wake Titus adachibwereza kwa zaka khumi. Titus adaonjezapo sestertius yoonetsa bwalo lamasewera la Colosseum litadzaza anthu, limene adatsegulira mu 80 AD. Ayuda adalamulidwa kulipira ma denarius awiri pachaka ku kachisi wa Jupiter, ndipo m'nthawi ya Domitian msonkhowu unkatoleredwa mwankhanza. Nerva atalowa mu 96 AD adasula khobidi lokhala ndi kanjedza yemwe uja, lolengeza kuti kunenerana mabodza pankhani ya msonkho wa Ayuda kwathetsedwa. Wowerenga mosamala adaona kuti chathetsedwa ndi kunenerana, msonkho udakhalabe.

Nerva yemweyo adadzaza misika ndi makobidi a manja awiri ogwirana chanza, olembedwa za mgwirizano wa magulu ankhondo. Mu 97 AD asilikali omulondera adamuzinga m'nyumba yake yachifumu n'kumukakamiza kupereka anthu amene adapha Domitian.

Si zonse zidali zophimba anthu m'maso. Tiberius adasula sestertius yokumbukira thandizo limene adaperekadi ku mizinda ya ku Asia itagwetsedwa ndi chivomezi mu 17 AD. Nerva atachotsera anthu a ku Italy mtolo wopereka ziweto ndi ngolo zonyamulira amithenga a boma, adajambula nyulu ziwiri zitamasulidwa, zikudya msipu. Ndipo mu 118 AD Hadrian adakhululukira ngongole za msonkho zokwana ma sestertius 900 miliyoni, n'kulamula kuti zikalata zake zitenthedwe poyera m'bwalo la Trajan. Khobidi lake likuonetsa mtumiki wa boma akuyatsa mulu wa zikalatazo ndi muuni, pena anthu atakweza manja pambali, ndipo chiwerengero cha ndalamacho chidalembedwa mozungulira. Hadrian adachita izi atangoyamba kulamulira, mzinda uli wokwiya chifukwa cha akuluakulu anayi a Senate amene adaphedwa osazengedwa mlandu.

Africa imaoneka kawirikawiri. Mzinda wa Nemausus, umene lero ndi Nîmes ku France, udasula makobidi okhala ndi mitu ya Augustus ndi Agrippa, ndipo kuseri kwake ng'ona itamangidwa ndi unyolo ku kanjedza, kukumbukira kugonja kwa Egypt mu 30 BC. Ng'onayo ikadali chizindikiro cha mzindawo mpaka lero. Hadrian, amene adayendera zigawo zambiri za ufumu wake, adasula makobidi a zigawozo: Africa ndi mkazi wovala chikopa cha mutu wa njovu, atagwira chinkhanira, Egypt watsamira pafupi ndi mbalame ya ibis, mtsinje wa Nile ndi nkhalamba yandevu yokhala ndi mvuu ndi ng'ona. Chilumba cha Britain chidajambulidwa ngati mkazi wokhala pamiyala ndi mkondo ndi chishango, ndipo Britannia ameneyu Angerezi adamudzutsanso pa makobidi awo mu 1672. Ngakhale chilembo d chimene akuluakulu a ku Malawi ankalembera makobidi kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971 chidachokera ku denarius.

Mmene anthu ankazilandirira

Pali umboni wakuti anthu ankayang'anadi zimene zili pakhobidi. Suetonius akuti m'nthawi ya Tiberius munthu ankatha kuimbidwa mlandu chifukwa cholowa kuchimbudzi atanyamula ndalama ya nkhope ya Augustus. Cassius Dio akuti Caligula ataphedwa, Senate idalamula kuti makobidi amkuwa a nkhope yake asungunulidwe. Mphunzitsi Epictetus, pofuna kuphunzitsa za khalidwe, adayerekeza munthu wolandira khobidi la Trajan n'kukana la Nero. Ku Bilbilis, ku Spain, dzina la Sejanus, nduna ya Tiberius imene idaphedwa mu 31 AD, lidapalidwa pamakobidi, ndipo ku Stratonicea, m'dziko limene lero ndi Turkey, nkhope ya Geta idafafanizidwa ndi chosemera mbale wake Caracalla atamupha mu 211.

Mu 1962, m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku Blackfriars, mumzinda wa London, mudapezeka chombo cha nthawi ya Aroma. M'dzenje loimikamo mlongoti mudali khobidi la Domitian, ndipo chithunzi cha kuseri kwake chidali Fortuna atagwira chiwongolero. Amene adaliikamo adasankha, sadangotola.

Komabe ludzu la ndalama zing'onozing'ono nthawi zina linkaposa ulemu wa nkhope. Kumalire, kumene makobidi ankasowa, asilikali ankadula khobidi pakati kuti apeze chenje. Ku Britain, Aroma atalowa mu 43 AD, kudasulidwa makobidi ambiri otengera a Claudius, ena a mutu wokhota ndi zilembo zosawerengeka, ndipo ankayenda bwinobwino. Makobidi okutha ankadindidwanso kachizindikiro kakang'ono kuti apitirize kugwira ntchito. Ku Kalkriese, ku Germany, malo amene ambiri amati ndi kumene magulu atatu ankhondo a Varus adathera mu 9 AD, kudapezeka ma as odindidwa zilembo VAR.

Kutha kwa sestertius

Chidapha sestertius ndi kugwa mphamvu kwa siliva. Mu 215 Caracalla adabweretsa ndalama yatsopano yoti iziyenda ngati ma denarius awiri, chonsecho siliva wake adali wa denarius imodzi ndi theka. Mafumu otsatira, posowa zolipirira asilikali, adanka nachepetsa siliva, ndipo pofika m'nthawi ya Gallienus, cha m'ma 260, adali atatsala wosakwana magawo asanu pa 100 alionse. Ndalama yotchedwa yasiliva itasanduka kamkuwa ka magalamu atatu, panalibenso nzeru yosula khobidi la magalamu 20 kuti likhale lochepa mtengo kuposa iko. Sestertius idazimirira m'zaka zimenezo. Chisangalalo chake chomaliza chidali mu 248, pamene mfumu Philip adakondwerera zaka 1,000 za mzinda wa Roma ndi makobidi a nyama zam'tchire zimene zidaonetsedwa m'masewera, kuphatikizapo mvuu pakhobidi la mkazi wake, Otacilia Severa. Chaka chotsatira Philip adaphedwa.

Diocletian adakonzanso ndalama cha m'ma 294. Adaona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo adagawa ufumu pakati pa olamulira anayi. Khobidi lake latsopano, nummus, lolemera magalamu pafupifupi 10 ndi lokutidwa siliva pang'ono, linkasulidwa m'mizinda yambiri, kuyambira London ndi Trier mpaka Carthage, Antioch ndi Alexandria, ndipo yambiri mwa iyo inkalemba chidule cha dzina la mzindawo pansi. Chithunzi chidali chimodzi pafupifupi ponseponse, mzimu woteteza mtundu wa Aroma. Nkhope za olamulira anayiwo zidafanana mwadala: mutu waukulu, khosi lolimba, ndevu zometa mwachidule, diso lotong'ola. Popanda kuwerenga dzina n'kovuta kudziwa kuti uyu ndani. Chinkajambulidwa tsopano ndi mpando, munthu wokhalapo adachepa. Mitengo ya zinthu idakwerabe, ndipo lamulo la mu 301 loika malire a mitengo silidaphule kanthu.

Makobidi a Constantine amasokoneza amene amaganiza kuti ufumu udatembenuka tsiku limodzi. Kwa zaka zingapo atapambana nkhondo ya pa mlatho wa Milvius mu 312, mkuwa wake unkatamandabe Sol, mulungu wa dzuwa, ngati bwenzi la mfumu. Chizindikiro cha Khristu, zilembo ziwiri za Chigiriki zopingasana, chidayamba kuoneka mwakachetechete. Cha m'ma 327 ku Constantinople kudasulidwa khobidi la mbendera yokhala ndi chizindikirocho pamwamba, ndodo yake itabaya njoka, koma lidasulidwa lochepa. Ochuluka adali a asilikali awiri ataima pambali pa mbendera, ndi a mmbulu ukuyamwitsa mapasa Romulus ndi Remus. Woyamba kudzaza kuseri konse kwa khobidi ndi chizindikiro cha Khristu adali Magnentius mu 353, munthu wolanda ufumu amene ankafuna Akhristu amutsatire. Zaka khumi zisanathe, Julian, amene adasiya Chikhristu, adasula khobidi lalikulu la ng'ombe yamphongo, ndipo anthu a ku Antioch adamuseka chifukwa cha ng'ombeyo komanso ndevu zake.

Mu 348 ana a Constantine adatulutsa khobidi lolembedwa FEL TEMP REPARATIO, kubwereranso kwa nyengo yachimwemwe. Chithunzi chake chofala ndi msilikali wa Roma akubaya mdani amene wagwa pa kavalo. Lidayamba ndi magalamu pafupifupi asanu. M'zaka khumi lidali litatsika ndi theka, mawu ali omwewo. Pofika zaka za m'ma 400 nummus idali kachitsulo ka galamu imodzi, kochepa ngati chikhadabo, ndipo dzina la mfumu silinkakwanapo lonse. Kummawa, ku Constantinople, Anastasius adabwezeretsa khobidi lalikulu mu 498, koma kuseri kwake kudalibenso doko kapena kachisi. Kudali chilembo chachikulu M, nambala 40 m'Chigiriki, kusonyeza mtengo wake.

Zotsala lero

Makobidi amkuwa a Aroma akufukulidwabe ochuluka. Mu 2010 pafupi ndi Frome, ku England, mudapezeka mtsuko wa makobidi 52,503 a m'zaka za m'ma 200, ndipo mu 2016 anthu okumba ngalande ku Tomares, ku Spain, adagumula mitsuko 19 ya makobidi olemera makilogalamu pafupifupi 600. Mkuwa ukakhalitsa m'nthaka umavala khungu lobiriwira kapena lofiirira, limene osonkhanitsa ndalama zakale amalikonda ndipo salichotsa. Timakobidi ta m'zaka za m'ma 300 tilipo tambiri mwakuti timagulidwa motchipa, pamene sestertius yosakutha ya Nero kapena ya Colosseum imafuna chikwama cha munthu wolemera.

Pamene pali mtengo pamakhalanso achinyengo. Giovanni da Cavino wa ku Padua, amene adakhala kuyambira 1500 mpaka 1570, adazokota ma sestertius otengera akale mwaluso lakuti ntchito yake nayo lero imasungidwa m'nyumba zoonetsera zakale. Ena amatenga khobidi lenileni lokutha n'kuzokotanso tsitsi ndi zilembo. Mfumu imene idavutitsa kwambiri osonkhanitsa ndi Otho, amene adalamulira miyezi itatu yokha mu 69 AD. Iye adasula golide ndi siliva, koma ku Roma sadasule mkuwa. Ofuna kukhala ndi mndandanda wathunthu wa mafumu 12 oyamba ankasowa khobidi lake, ndipo amisiri adawapangira. Sestertius iliyonse ya Otho yodzinenera kuti idasulidwa ku Roma ndi yabodza.